Kalipentala wa ku Zolozolo Wandiphera Holo

A Machero, kalipentala wa ku Zolozolo, andilakwira. Andilakwira zoti ngakhale abusa atabwera ndi mpingo wonse kudzandigwira mwendo, chaka chino sindikhululuka. Ndiye inu a mu Mzuzu nonse, a ku Lupaso, a ku Kaning'ina, ndi inu a ku Zolozolo amene mumadutsa pa shedi pawo n'kumawapatsa moni ngati munthu wabwinobwino, khalani pansi mumve. Amene munalipo Loweruka lija musaseke. Ndikukuonani.

Dzina lawo la pa khadi ndi lina, koma aliyense amawatcha a Machero, chifukwa chilichonse chimene ungawafunse yankho ndi limodzi: machero. Kwa inu anzanga a kumwera amene Chitumbuka chikukupotolanibe lilime, machero ndiye kuti mawa. Tauni yonse imadziwa chifukwa cha dzinalo. Alipo mmodzi mwa inu amene anandikokera pambali n'kundichenjeza? Palibe. Munangondilozera njira, wina mpaka kundiperekeza.

Ine ndine Boni, wa gitala, wa ku Mulanje. Amalume anga a Makwinja, aja a golosale pafupi ndi depoti, ndi amene anandiitanitsa kuno kuti ndiziwathandiza kuyeza shuga. Shuga ndinayeza ndithu, koma zala zangazi si za sikelo. Ndinapeza anzanga. Sitima wa ng'oma, munthu woti akakwera njinga matayala amayamba kupemphera. Nyachirwa woimba, mtsikana wa ku Lupaso, wa mawu oti akawakweza mvula imayamba yaima kaye kuti imvere. Ndi anyamata ena awiri a magitala. Tinapanga bandi, Ziphaliwali Jazi. Vuto linali malo. Ukaimba m'bala, woledzera amakugwera pa sipika n'kuyamba kuiuza mavuto a m'banja mwake. Ukapempha holo ya sukulu, ahedi ati dansi imatha simenti.

M'tauni muno, kuseri kwa masitolo, muli chinyumba chija chakale cha malata a dzimbiri, chimene azungu ankasungiramo matumba ine ndisanabadwe. Amalume anachigula kuti aikemo chigayo, koma injini inali isanafike kuchokera ku Blantyre. Ndinawagwadira. Ndinawagwadira mpaka mawondo a thalauza anawala. Ndinati amalume, tauni yonseyi ilibe malo oti munthu wa ulemu wake akavine bandi ikuimba pamaso pake, tipatseni nyumbayo muone.

Anandiyang'ana ngati kasitomala wofuna sopo pa ngongole.

"Iwe Boni, ndikupatsa Loweruka limodzi. Anthu akadzaza, n'kunena kuti abweranso, nyumbayo ndi ya nyimbo. Zikakanika ndiikamo chigayo changa, ndipo iwe ukwera basi kubwerera kwa mayi ako kukathyola tiyi. Ndatopa kudyetsa gitala."

Mwamva? Loweruka limodzi. Moyo wanga wonse wa mu Mzuzu unali pa Loweruka limenelo.

Mukanationa mmene tinagwirira ntchito. Mileme ya m'nyumbamo inali ndi zidzukulu. Makoswe ake ankatiyang'ana ngati tabwera kudzawalanda malo a makolo awo, lina linandiperekeza mpaka pakhomo likulankhula. Tinasesa, tinakolopa, tinapaka laimu, tinamata mabowo a malata ndi phula. Nyachirwa anasoka makatani. Sitima anakwera padenga kamodzi kokha, tinamutsitsa tokha, chifukwa denga linayamba kutsanzika. Ine ndinalemba chikwangwani ndi dzanja langali: TIVINE HOLO.

Za ku boma sindikudandaula, ayi. Ndibwereze mokweza kuti amene waima kuseri kwa zeneralo amve bwino: za ku boma zonse zinayenda bwino chomene. Chilolezo anatipatsa, cha masana, kuyambira thu koloko mpaka dzuwa kulowa. Nyimbo zathu anazimvetsera n'kuchotsapo imodzi, ndipo ine ndikuvomereza kuti inali yoipa ndithu. Tsitsi langa lija ndinkalilera ngati mwana anati ndimete, ndinameta ndikumwetulira. Makhadi a chipani tonse tinali nawo m'thumba la pamtima. Mlandu wanga ndi wa kalipentala basi.

Chinatsala ndi siteji. Bandi siimbira pansi ngati kwaya ya ana. Amalume anagula matabwa a paini a ku Chikangawa, onunkhira utomoni, atali ngati ulaliki wa m'busa watsopano. Ndinapaka penti yofiira kumapeto kwa thabwa lililonse kuti asasokonezeke ndi a munthu wina. Tinawakweza pa lole mpaka ku Zolozolo.

"Odi, adada!"

"Odini, odini. Monire, mnyamata wane. Siteji? Suzgo palije, vuto palibe. Ine ndapanga maguwa a m'matchalitchi, ndapanga mabenchi a m'khoti. Siteji n'chiyani? Ndi tebulo lalikulu basi. Bwera machero."

Pakona pa shedi panali mabokosi a maliro osanjikizana, koma kalipentala wake uti amene sakhoma bokosi? Malipiro anafuna onse nthawi imodzi, ati ogulira misomali. Amalume analipira akukukuta mano.

Machero ake ndinapita. Shedi yotseka. Akazi awo ali pakhonde kusenda chinangwa, ati adada apita ku nyifwa, ku maliro. Chabwino, maliro ndi maliro, munthu sungadandaule. Ndinabwereranso. Ulendo uno ndinawapeza, malaya avula, akupala thabwa langa, penti yofiira ikuoneka kumapeto. Mtima unakhala pansi. Ndinayandikira kuti ndione bwino.

"Adada, kodi siteji imakhala yotakata kumapewa, yowonda kumiyendo?"

"Iyi si yako, mnyamata wane. Kwagwa zovuta ku Lupaso. Ndangobwereka matabwa pang'ono. Nyifwa yikulindilira yayi."

Ati maliro sadikira.

"Nanga ine?"

"Iwe uli moyo. Wamoyo amadikira."

Mwamva yankho limenelo? Kulakwa kwanga kunali kupuma. Ndikanafika pa shedi paja atandinyamula, ntchito yanga ikanatha dzuwa lisanapendeke.

Sabata yotsatira ndikuchokera kumsika ndinakumana ndi maliro pamsewu. Ndinatsika panjinga, ndinavula chipewa, ndinaima pambali monga tonse timachitira. Bokosi likudutsa pamapewa a anthu, ndikuona kumiyendo kwake penti yofiira. Penti yanga! Ndinatsala pang'ono kukuwa kuti imani, siteji yanga mukupita nayo kuti! Koma ungakuwe? Malo oima Nyachirwa anapita kumanda ine ndikuona, chipewa chili m'manja, mutu nditazolika. Mayi wina anandisisita paphewa, ati limba mtima mwana wanga, anali m'bale wako? Ndinati ee mayi, tinachokera limodzi ku Chikangawa.

Kunena zoona, mwezi umenewo aliyense amene anatisiya mu Mzuzu anapita ndi kachidutswa ka Tivine Holo. Kumwambako akayamba dansi, dziwani kuti matabwa ndi athu.

Uku mapositala tamata kale tauni yonse. Uku amalume andiuza kuti injini ya chigayo yanyamuka ku Blantyre, ili m'njira, ndipo ankandiuza m'mawa uliwonse ngati moni. Lachinayi ndinatenga Sitima kuti thupi lake likalankhule pamene mawu anga alephera. Tinafika pa shedi. Thabwa lofiira ngakhale limodzi, ayi. A Machero ali pa mpando wa ndalema, akumwa tiyi, akuuzira pang'onopang'ono ngati munthu wopanda ngongole ndi dziko.

"Adada, matabwa ali kuti?"

"Ali m'manja mwa Chiuta."

"Ine ndikufunsa za matabwa."

"Ndi omwewo ndikunena."

Sitima anatsokomola, malata a shedi anagwedezeka. Ndinati adada, Loweruka ndi mkuja. Anthu agula nsapato. Atsikana asoketsa madiresi. Amalume anga andigulira kale basiketi yothyolera tiyi m'maganizo mwawo. Mukufuna ndikaimbire pa chiyani, pa malonjezo?

Anaika kapu pansi mokhumudwa, ngati wolakwiridwa ndi iwo.

"Mnyamata wane, ukundinyoza. Bweretsa kiyi wa holo. Machero upite kukachita zako, dzuwa likamapendeka udzapeza siteji yoti ngakhale a ku Blantyre sanaionepo. Koma ine ndikamagwira ntchito sindifuna munthu wondiyang'anitsitsa. Manja amanjenjemera."

Ndikanatani? Ndinapereka kiyi.

Lachisanu tinazungulira tauni panjinga tikulengeza, ine kutsogolo ndi chikatoni chopinda kukamwa, Sitima kumbuyo akulira ndi zitunda za kuno. Madzulo ake tinafika pa holo mitima ili m'mwamba. Titatsegula chitseko, abale anga, siteji! Yofika m'mawondo, yotambalala khoma mpaka khoma, pamwamba matabwa oyalidwa bwino, kutsogolo kotsekedwa ndi hadibodi yopakidwa penti yobiriwira. A Machero ali pambali akupukuta manja, nkhope ngati ya munthu amene wangomanga kumene Yerusalemu.

Sitima anakwera n'kudumpha kamodzi. Inalira: duu! Anadumphanso. Duu!

"Boni, siteji iyi ili ndi bezi yakeyake! M'kati muli mphako!"

"Ndi luso limenelo," anatero a Machero. "Si kalipentala aliyense amalidziwa."

Nyachirwa ananunkhiza m'mwamba. Ati fungo la vanishi ili ndikulidziwa, koma sindikukumbuka kuti ndinalimva kuti. Ine ndinasuzumira pa kampata ka hadibodi, ndinaona kachitsulo kowala ngati golide.

"Nanga ichi, adada?"

"Chonyamulira siteji. Mukafuna kusesa pansi."

Ndinawagwira chanza ndi manja awiri. Ndinati yewo chomene, adada, ndinakuganizirani zoipa. Ndinawagulira ndi chakumwa chomwe, chozizira. Botolo limenelo likundiwawa mpaka lero.

Loweruka, thu koloko. Kamvula ka kuno kaja kosagwa kosasiya kali waa, koma anthu anabwera. Makalaliki a m'maofesi nsapato zikuwala. Anamwino. Aphunzitsi. Amakanika atasamba mpaka sitinawazindikire. Atsikana madiresi opitirira mawondo monga mwa lamulo, koma owinduka ngati maambulera. Amalume anakhala pakhomo ndi chitini cholandirira ndalama, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni kuno ndinadziwa kuti ali ndi mano a m'mbali. Anamwetulira, anthuni!

Tinayamba ndi sinjonjo, tinalowa simanjemanje. Holo inagwira moto. Sitima akamenya ng'oma, siteji inkayankha pansi, duu, duu, mpaka m'mimba mwa anthu. Nyachirwa anayamba nyimbo yathu imene tinapeka tokha, yofunsa mvula ya ku Mzuzu ngati ili ndi kwawo. Anthu anakuwa. Mdala wina wa jekete anaponya ndodo yake pakona n'kuyamba kudula chiuno choti adokotala anamuletsa kalekale. Ine zala zikuthamanga pa waya, maso ali kwa amalume. Anandikwezera chala chachikulu. Anakuwa kuchokera pakhomo kuti, "Chigayo chikhoza kudikira!" Ndinamva ndi makutu angawa. Tiyi wa ku Mulanje ndinamutsanzika mumtima. Ndinati tsala bwino, tiyi, akuthyole ena.

Kenaka anthu a pafupi ndi khomo anasiya kuvina. Otsatira anasiyanso. Bata linayenda m'holo ngati madzi otayikira pansi, kubwera kwa ife. Pazenera ndinaona lole itaima, masamba aawisi atasomekedwa kutsogolo ndi kumbuyo. Aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo la masamba amenewo.

A Machero akulowa. Chipewa m'manja, hamala m'thumba, tepi yoyezera m'khosi. Kumbuyo kwawo azibambo a majekete akuda, nkhope zazitali. Anthu anawapatukira. Anafika pa siteji n'kundikoka mwendo wa thalauza.

"Mnyamata wane, imani pang'ono."

"Adada, tili pakati pa nyimbo!"

"Enya, ndikumva, ikukoma chomene. Koma kwagwa zovuta ku Kaning'ina. Tadzatenga katundu."

"Katundu wanji?"

Anapisa dzanja m'thumba. Anagwada, analowetsa hamala kuseri kwa hadibodi. Maikolofoni inali yotsegula, ndiye holo yonse inamva msomali ukulira, kwiii. Hadibodi inagwa chafufumimba, phaa.

Mabokosi.

Mabokosi a maliro, abale anga. Ondandalikidwa mwaluso, ili mutu uku, linzake mutu uko, kuti alumikizane bwino ngati nsomba za m'chitini. Zogwirira zake zikuwala. Pamwamba pake ndi pamene anayala matabwa aja. Ndi pamene ine, mwana wa Mkhristu, wobatizidwa, ndinali kudumphadumpha ndi gitala.

Ndodo ya Sitima inagwa pansi. Inamveka ngati mtengo wagwa m'nkhalango.

Mukuganiza kuti a Machero anachita manyazi? Manyazi ake ati? Anakoka bokosi loyamba n'kuliika pakati pa bwalo lovinira. Mkulu wa anamfedwa, bambo wa imvi, analiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Yayi, ili n'lalifupi. Malemu anali munthu wamtali."

Analikankhira pambali. Anakoka lachiwiri. Ati ili n'lowonda, mapewa sakwana. Anthu olipira pakhomo akuonerera anthu akusankha bokosi ngati akusankha nsapato pa msika! A Machero anagona chamimba, anasuzumira pansi, anatulutsa mutu.

"Lalitali lili pakati, pansi pa wang'oma. Adada, tasunthani pang'ono."

Sitima sanadikire kuti amalize. Chibadwire munthuyu anali asanathamangepo, koma tsiku limenelo anauluka. Anatulukira pa kazenera koti mphaka amalowa chammbali, ndipo mpaka lero sitikudziwa kuti anakwana bwanji. Atasolola bokosi lapakati, siteji inagwada ngati ng'ombe yotopa. Ng'oma zinagubuduka, chimbale cha mkuwa chinayenda chokha kudutsa holo yonse mpaka kukagwa pa mapazi a amalume.

Ine ndinkaganiza kuti anthu athawa, kapena aseka. Zikanakhala bwino. Munthu woseka amabweranso. Koma Mzuzu ndi kamudzi, aliyense ndi m'bale wa aliyense. Kunong'onezana kunayamba: ndani, ndani watisiya? Dzina linatuluka. Anali mphunzitsi wakale wa ku Kaning'ina, amene anakwapula theka la anthu a m'holomo ali ana. Basi. Azimayi anakhala pansi, pa simenti pomwepo. Zitenje zinatuluka, sindikudziwa kuti anazibisa pati, madiresi a dansi onse anaphimbika. Azibambo zipewa m'manja. Mayi wina anayambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi. Ndikutembenuka kuti ndiuze Nyachirwa kuti tichite chiyani, ndikupeza misozi ili mbwee, malemu anali asibweni, amalume a mayi ake. Anailandira nyimboyo pa maikolofoni yanga, pa sipika yanga yobwereka. Ndipo ndikuuzeni, sanaimbepo bwino chotero. Holo yonse inalira. Bandi inachita kukonzekera miyezi, koma nyimbo imene inagwira anthu mtima pa kutsegulira kwa Tivine Holo inali ya maliro.

Bokosi lofuna onyamula. Bambo wa imvi uja anayang'ana uku ndi uku, maso anagwera pa ine.

"Mnyamata, gwira uku."

Mukanakana inu? Pamaso pa anamfedwa? Ndinagwira. Gitala kumsana, bokosi paphewa, ndinayenda pakati pa anthu anga ndikutulutsa mwendo wa siteji yanga, kudutsa pansi pa chikwangwani chimene ndinalemba ndekha. Pakhomo amalume anali ataima, chipewa pachifuwa, chitini m'manja. Maso onse a holo anali pa chitinicho. Nanga munthu ungaike m'thumba ndalama za dansi bokosi likudutsa pamphuno pako? Anachipereka chonse kwa bambo wa imvi uja ngati chipepeso. Bamboyo anati yewo, Chiuta amutumbikeni. Amalume anandiyang'ana. Mano a m'mbali aja anali atabwerera kwawo.

Lole inanyamuka pang'onopang'ono, ndipo holo yonse inatsatira pambuyo, wapansi, mumvula, mpaka ku Kaning'ina. Nsapato zowala zija m'matope. M'holo munatsala mabokosi ndi mileme iwiri imene inabwera kudzaona ngati tasamuka.

Lolemba m'mawa ndinali pa shedi. Ndinapita ndekha, chifukwa Sitima ati sapondanso pamene pali thabwa, akugona pa simenti. Ndinati adada, tandiuzani, ndinakulakwirani chiyani?

Mverani mayankho a munthu wamkulu, wa ana ndi zidzukulu.

Ati shedi yawo ikudontha, ndipo mvula ya kuno imafufumitsa mabokosi. Ati anaona kuti holo yathu ndi youma, ife tikufuna pokwera, iwo akufuna posungira, vuto lili pati? Ati mabokosiwo ndi atsopano, simunagonemo munthu, bwanji tikuchita ngati ana? Ati ena mwa iwo ndi a matabwa athu omwe, ndiye iwo sanabe kanthu, siteji yathu anatipatsa, kungoti inali itasintha maonekedwe. Ati tithokoze kuti Loweruka kunagwa zovuta kumodzi kokha, ikanakhala nyengo yozizira tikanatsala titaima pa simenti nyimbo yachiwiri isanathe.

Ndinati nanga simukanadikira kuti dansi ithe? Dzuwa linali pafupi kulowa!

Ati mnyamata wane, kwanu kumwera maliro amadikira gitala?

Ndipo asanamalize, ati pali nkhani ina yaing'ono. Ati wang'oma wanu uja podumpha wakanda vanishi pa chivindikiro cha bokosi labwino kwambiri, la anthu a ndalama, ndiye akonza ndani?

Ndinaona mdima masana. Ndinafunsa funso lomaliza, kuti siteji yeniyeni, ya miyendo, imene amalume analipira, tidzaiona liti. Anatsegula pakamwa. Ndinati adada, musanene. Mukangotchula liwu lanu lija ndikugonekani m'lalifupi lija, mawondo apindike.

Anaseka! Ati ndili ndi nthabwala.

Tsopano ndifunse, mwina ine ndi amene sindikudziwa za ukalipentala. Kodi kasitomala amayenera kufa kaye kuti athandizidwe pa nthawi yake? Kodi munthu akakupatsa matabwa a siteji, wakupatsa kuti ugawire tauni yonse? Ukabwereka thabwa la wamoyo kupatsa wakufa, amabweza ndani, wakufayo? Ndipo ndi buku liti la umisiri limene limati bandi iziimbira pa katundu wogulitsa, woti mwini wake akhoza kumufuna nthawi ina iliyonse? Ndikufuna mayankho, a Machero. Lero.

Amalume ndinawapempha Loweruka lina. Ndinati tiimbira pansi, ngati kwaya ya ana yomweyo. Anangoti yesa. Tinatulutsa mabokosi onse, tinakolopa ndi sopo, tinatsegula zitseko. Sitima anabwera titachita kumukoka. Tinaimba nyimbo zitatu kwa makoma. Anthu akafika pafupi ndi holo ankawoloka msewu, ena kuvula zipewa. Ana a sukulu anafufuta chikwangwani changa n'kulemba ndi choko kuti TILIRE HOLO. Mdala wa ndodo uja ndinakumana naye ku positi, ati mwana wanga, chiuno chija chikundipwetekabe, ndipo ndikudziwa chifukwa chake, ndinavinira pamaso pa mabokosi.

Injini ya chigayo inafika. Mukuganiza kuti amalume anapeza mpumulo? Azimayi anawatsatira ku golosale komweko. Ati a Makwinja, ufa wogayidwa m'nyumba ya mabokosi adye ndani? Mwamuna wanga? Ana anga? Injini ili m'kireti mpaka lero, kuseri kwa golosale, nkhuku zikuikira mazira pamwamba pake. Anayesa kubwereketsa nyumbayo kwa atelala, anakana. Kwa wogulitsa mipando, anakana. Mpingo wina watsopano unabwera kudzaona, m'busa anangosuzumira pakhomo n'kunena kuti apemphera kaye.

Mu Mzuzu monse munapezeka munthu mmodzi yekha wofuna nyumbayo. Ndikuona mwayamba kale kugwira pakamwa. Ee. Omwewo. Ati malo ndi abwino, ndi ouma, ali pakati pa tauni, ndipo anthu onse akudziwa kale kuti mumapezeka chiyani, safunikanso kulengeza. Laimu wanga. Makatani a Nyachirwa. Phula limene ndinamata ndi zala zanga za gitala. Zonsezo tinkakonzera a Machero sitolo ya mabokosi, ndipo kutsegulira kwake tinawaimbira ndi bandi, ulere.

Dzulo amalume anandiitana kuseri kwa kauntala. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Iwe Boni, pangano ndi pangano. Koma ndiwe mwana wa mlongo wanga, ndiye ndakupezera mwayi. A Machero akufuna mnyamata wopaka vanishi m'nyumba muja. Ati anakuona Loweruka lija, umanyamula bwino. Ukhoza kukhalabe mu Mzuzu. Vanishi kapena tiyi. Sankha."

Tikiti ya basi ya ku Limbe ili m'thumbamu. Gitala ndamanga kale m'chitenje. Ndikathyola tiyi, ndipo ndikamuthyola mokwiya moti azungu akumwa kwawoko adzamva kuwawa.

Inu otsala, mverani. Mukafuna tebulo, bedi, benchi, ngakhale kampando kokhalira pophika, ndipo wina akakulozerani ku Zolozolo kapena ku holo yanga yakale ija, gwadani kaye musuzumire pansi pake. Mukaona kachitsulo kowala, thawani. Amene munagulako bedi kale, sindikunena kanthu, koma tayezani ngati silikuwonda kumiyendo.

Ndipo inu a Machero, ndikudziwa kuti mumati aliyense adzabwera kwa inu, lero kapena tsiku lina, woyenda kapena wonyamulidwa. Ine ayi. Ndauza amalume, ndauza Sitima, ndikafika kwathu ndikauzanso mayi anga. Tsiku langa likadzakwana, adzandikulunge mu mphasa.